Maiki ikulira, mawu a MC sakumveka: vuto lili pati, ndipo mugule iti?

Kuyambira ku Chimbiya mpaka ku Kampepuza dandaulo la eni zida zoimbira ndi limodzi. Nyimbo za DJ zikugunda bwinobwino, koma MC akangoyamba kuitana akuchimuna kuti abwere kudzafupa, maiki yalira tswii, anthu agwira makutu. DJ atsitsa, ndiye okhala kumbuyo kwa holo sakumva chilichonse. Lolemba mwini zida wakwera minibasi ya ku Lilongwe kukagula maiki ina, koma Loweruka lotsatira vuto ndi lomwe lija.

Maiki yosayenera imathandiziradi kuti zinthu zivute, koma siyokha. Chingwe, pamene mwaimika masipika, kagwiridwe ka wolankhula ndi katcheredwe ka mikisa, chida chomwe mamaiki ndi nyimbo zimalowamo zisanapite ku masipika, zili ndi mbali yaikulu. Musanatulutse ndalama, dziwani kaye chomwe chikudwala.

Mtundu woyenera ntchitoyi

Pa ukwati, chinkhoswe, msonkhano wa chitsitsimutso kapena dansi, gulani maiki ya mtundu wa dynamic. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala komatidwa ku kawaya kokulungidwa mozungulira maginito. Mawu akagwedeza kachikopako, kawayako kamapanga magetsi ochepa omwe amapita ku mikisa. Sifuna batire, sifuna magetsi, ndipo imapirira kugwa, malovu ndi kukuwa.

Mtundu wina ndi condenser. Ambiri amakopeka ndi zija zogulitsidwa ndi kamkono kopindika, monga BM-800, chifukwa zimaoneka za mu situdiyo ndipo mtengo wake ndi wotsika. Zimenezo zimafuna magetsi kuti zigwire ntchito, zimatola phokoso lililonse la m'chipinda, ndipo zimadana ndi chinyezi. Nkhungu ya ku Dedza kapena ku Bembeke mu June ndi July imatha kuichititsa kuthetheka mawu. Zisiyireni ojambula nyimbo m'nyumba.

Chachiwiri ndi mbali yomwe maiki imamvera, ndipo zimalembedwa pa bokosi. Ya cardioid imamva kwambiri kutsogolo, pang'ono m'mbali, ndipo kumbuyo kwenikweni, komwe kumalowa chingwe, ndi kogontha. Ya supercardioid imamva mopanikiza kutsogolo, m'mbali imakana kwambiri, koma ili ndi kakhutu kakang'ono kumbuyo. Malo ake ogontha ali chakumbuyo cham'mbali, pa madigiri pafupifupi 125 kuchokera kutsogolo. Izi zili ndi ntchito poika monita, sipika ya pansi ija yomwe woimba amadzimvera. Ndi cardioid, monita ikhale kutsogolo kwa woimba ndendende, tsinde la maiki litailoza. Ndi supercardioid, isunthireni pambali pang'ono. Pa zochitika zomwe maiki imadutsa m'manja ambiri, ankhoswe, abusa, amfumu, agogo a mkwatibwi, cardioid ndiyo yabwino chifukwa imakhululukira munthu wolankhulira pambali.

Maina odalirika

Shure SM58 inatuluka mu 1966 ndipo mpaka lero ndiyo muyeso wa mamaiki a pa siteji. Ndi dynamic, cardioid, imamva kuyambira mawu a besi a 50 Hz mpaka osongoka a 15,000 Hz, ndipo mkati muli chotetezera kuti kukhudza kwa dzanja kusamveke kwambiri. Ku America yakhala ikugulitsidwa pa madola pafupifupi 100 kwa zaka zambiri. Sungani nambala imeneyi m'mutu, muifuna pa nkhani ya mafeki.

Ngati thumba silikufika pamenepo, Behringer XM8500 ndi yachitsulo, dynamic, cardioid, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a SM58. Imatola kukhudza kwa dzanja kuposa SM58, koma mawu ake ndi omveka, ndipo kwa DJ woyamba kumene palibe chochititsa manyazi. Kampani yomweyo ili ndi XM1800S, zomwe zimabwera zitatu m'bokosi limodzi, zokhala ndi switchi, zothandiza ku mpingo kapena ku gulu la oimba ambiri. Shure ilinso ndi zotsikirapo mtengo monga PGA48 ndi PGA58. Sennheiser e835 ili pa mtengo wofanana ndi SM58, mawu ake ndi owala pang'ono, ndipo imathandiza munthu wa mawu olemera omwe amamira mu nyimbo. AKG D5, Samson Q7 ndi Shure Beta 58A ndi za supercardioid, zoyenera woimba wodziwa kukhala pa maiki pamene ng'oma ndi magitala zikusokosera pambali.

Malangizo athu ndi awa: XM8500 yeniyeni iposa SM58 yabodza. SM58 ndi Beta 58A zimaberedwa kwambiri maonekedwe, bokosi, kachikwama ndi mapepala omwe. Munthu akakugulitsani yatsopano pa mtengo wosafika theka la madola 100 aja, pamene katundu wakunja amalipira msonkho ndi thiransipoti, dziwani kuti ndi feki. SM58 yeniyeni imalemera magalamu 298 popanda chingwe, choncho sikelo ya m'golosale ikhoza kukuuzani kanthu, ngakhale opanga mafeki ena amaikamo chitsulo kuti ilemere. Yogwiritsidwa kale ntchito koma yeniyeni, ngakhale mutu wake utaphwanyika, ndi yogula. Mutu wa waya uja amagulitsa paokha, nambala yake ndi RK143G, ndipo umangopotokoledwa ndi dzanja.

Musagule maiki yosayesa. Muuzeni wogulitsa ailumikize ku sipika. Lankhulani kutsogolo kwake, kenaka itembenuzeni pang'onopang'ono mukulankhulabe mpaka tsinde liloze pakamwa panu. Mawu ayenera kutsika kwambiri. Ngati kumbuyo ikumva pafupifupi ngati kutsogolo, imeneyo idzalira pa holo iliyonse. Kenaka khalani chete, muisisite ndi zala ndi kuisinthanitsa m'manja. Ikamagunda ngati ng'oma, mkati mulibe chotetezera. Pomaliza nenani mawu okhala ndi "ph" ambiri, monga phiri, phala, mphepo, mumve ngati sipika ikuphulika. Onaninso tsinde: pakhale polowera pa mapini atatu, pa XLR. Zomwe chingwe chake ndi chomatirira, chosachoka, ndi za karaoke ya m'nyumba.

Za switchi anthu amasiyana maganizo. Kwa DJ wodzilankhulira yekha ndi yothandiza. Pa maiki yoyenda m'manja mwa alendo ndi msampha, chifukwa wina amaizimitsa osadziwa n'kuyamba kuimenya. Ngati yanu ili nayo, iyatseni ndi kuimata tepi, muzizimitsira pa mikisa.

Ikamalira tswii kapena huuu

Kulira kumeneku kumabwera pamene mawu otuluka mu sipika alowanso mu maiki, n'kukuzidwa, n'kutulukanso, mozungulira choncho mpaka kufuula. Ikayamba, tsitsani msanga fader ya maikiyo, kabatani kotsetsereka ka voliyumu yake pa mikisa. Musaphimbe mutu wake ndi dzanja, mukuwonjezera moto.

Yambani ndi masipika, chifukwa ndipo pagona vuto kawirikawiri. Akhale kutsogolo kwa wolankhula, ataloza kwa anthu, atakwezedwa pa masitandi kuti kasipika kakang'ono ka pamwamba kapitirire mitu ya anthu ataimirira. Okongoletsa holo amakonda kuwakankhira kukhoma, kumbuyo kwa tebulo la akwati, kuti asaononge zithunzi. Mukalola zimenezo, aliyense wolankhula aima kutsogolo kwa sipika, ndipo palibe maiki ya mtengo uliwonse yomwe ingapirire. Gwirizanani ndi MC za malire oyendamo mwambo usanayambe, ngakhale kumata tepi pansi.

Chachiwiri ndi mtunda wa pakamwa ndi maiki. Mukachepetsa mtundawu ndi theka, mawu olowa mu maiki amakwera ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu). Munthu wogwirira maiki pachifuwa, masentimita 20 kuchokera pakamwa, akaibweretsa pa masentimita 5 wakupatsani 12 dB yaulere, osakhudza batani lililonse. Ndi zambiri zimenezo. Muyeso wosavuta kuuza anthu ndi zala ziwiri pakati pa milomo ndi mutu wa maiki, ndipo iloze mkamwa, isaime chilili ngati kandulo. Akuluakulu ena sakonda kuuzidwa pagulu, choncho MC azingowakwezera dzanja mwaulemu powapatsira: "Bambo, muiyandikize pakamwa kuti akumbuyo amve."

Chachitatu ndi kagwiridwe komwe achinyamata oimba amakonda, kofumbata mutu wa maiki. Kumunsi kwa mutuwo, mkati, kuli timabowo tomwe timalowetsa mawu ochokera kumbuyo kuti afafanizike. Ndi timabowo timeneti tomwe timachititsa maiki kukhala cardioid. Mukatitseka ndi chikhatho, maiki imayamba kumva mbali zonse, mawu amamveka ngati a m'chitini, ndipo kulira kumabwera msanga. Dzanja likhale pa thupi la maiki, pansi pa mutu.

Chachinayi ndi kuchuluka kwa mamaiki otsegula. Mukawirikiza kawiri chiwerengero chake, mumataya pafupifupi 3 dB ya mphamvu yomwe mungakweze kulira kusanayambe. Anayi otsegula ndi 6 dB yapita. Yomwe palibe akuigwiritsa ntchito itsitseni. Kwaya ya anthu 20 simungaitole poimika mamaiki a dynamic patali mita imodzi ndi kukweza gain, batani lokuza mawu a maiki polowa mu mikisa, mpaka kumapeto. Ikani oimba awiri kapena atatu pafupi ndi maiki iliyonse, mmodzi kapena awiri pa liwu lililonse, otsalawo amveke ndi pakamwa pawo.

Zonsezi zikakonzeka, pitani ku mikisa. Dinani batani la low cut, lomwe limadula mawu a pansi pa 75, 80 kapena 100 Hz malinga ndi mikisa yanu. Mawu a munthu sataya kanthu kofunika pamenepo, koma kugunda kwa dzanja, mphepo ndi mabesi a sabu, sipika yaikulu ya besi ija, zimachoka. Mverani kulirako. Kwa tswii kosongoka nthawi zambiri kumakhala pakati pa 2 kHz ndi 8 kHz, pamene kwa huuu kumakhala cha pa 200 mpaka 500 Hz. Pa mikisa yaing'ono ya mabatani atatu, MID amakhala pa 2.5 kHz, HIGH pa 10 kapena 12 kHz, LOW pa 80 kapena 100 Hz. Bwezani pang'ono lomwe lili pafupi ndi kulirako. Ngati muli ndi ikwalaiza ya timizere 31, chida chomwe kamzere kalikonse kamakweza kapena kutsitsa mbali yakeyake ya mawu, kwezani maiki pang'onopang'ono holo isanadzaze mpaka iyambe kulira, pezani kamzere kake, mukatsitse ndi 3 mpaka 6 dB, kenaka bwerezani kawiri kapena katatu basi. Mukatsitsa timizere tonse mwangochepetsa voliyumu ndi kuononga mawu.

Echo chepetsani. M'holo ya malata, simenti pansi ndi makoma opanda makatani, chipindacho chili kale ndi echo yakeyake. Kuwonjezera ina kumasokoneza mawu ndi kuyandikizitsa kulira. Pa zolankhula ikhale yozimitsa, pa oimba pang'ono chabe. Ndipo MC akamalankhula, tsitsani nyimbo m'malo mokweza maiki. Mamikisa ena a DJ ali ndi batani la talkover lomwe limachita zimenezi lokha.

Mawu ochepa kapena osweka

Apa kawirikawiri ndi gain. Tsitsani fader ndi gain, dinani PFL, batani loonetsa mphamvu ya maikiyo pa mita, muuze wolankhula alankhule mwamphamvu monga adzachitire anthu akadzadza, osati monong'ona "wanu, thuu". Kwezani gain mpaka magetsi a mita azifika pa 0, kofiira kasayake, kapena kazingophethira akakuwa. Kenaka kwezani fader pa 0 ndi kumalizira pa master, voliyumu ya mikisa yonse. Gain yokwera kwambiri imaswa mawu ngakhale fader ili pansi, ndipo yochepa imakukakamizani kukweza zina zonse mpaka kumveke siii.

Onaninso pomwe mwalowetsa. Bowo lolembedwa LINE limayembekezera mphamvu ya laputopu kapena kiyibodi, yomwe ndi yaikulu kutalitali kuposa ya maiki. Mukalowetsamo maiki, mawu amamveka patali. Makontrola ang'onoang'ono a DJ, monga Pioneer DDJ-400 ndi DDJ-FLX4, ali ndi bowo la maiki la jeki ya 6.35 mm, losakhala balanced, kutanthauza kuti silifafaniza phokoso lomwe chingwe chatola panjira. Pamenepo mufunika chingwe cha XLR mbali imodzi, jeki mbali inayo, cholumikizidwa motere: pini 2 ku nsonga ya jeki, pini 1 ndi pini 3 ku thupi lake. Chisatalike kupitirira mamita 5. Ngati MC akufuna kuyenda patali, gulani kamikisa kakang'ono ka ma XLR awiri, mulowetsemo maiki ndi kontrola, ndiye katumize ku ampu, chida chopatsa masipika mphamvu. Kamikisa kameneka kamathetsa mavuto ambiri kuposa maiki yatsopano.

Mawu akamamveka ngati munthu wafunda bulangete, potokolani mutu wa maiki muone kasiponji ka mkati. Fumbi, malovu ndi lipisitiki zimakatseka.

Kung'ung'udza, kuthetheka ndi kudukaduka

Mwa zida zonse, chingwe ndicho chimafa msanga. Cha XLR chili ndi mawaya awiri onyamula mawu, pa pini 2 ndi pini 3, ndi ukonde wa waya wozungulira womwe umapita pa pini 1. Phokoso lomwe chingwe chatola panjira limalowa mofanana m'mawaya awiriwo ndipo mikisa imalifafaniza. N'chifukwa chake chimatha kuyenda mamita 30 kapena 50 osang'ung'udza.

Poyesa, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Maiki yomweyo ndi chingwe china. Vuto likapitirira, chingwe chomwecho pa tchanelo china. Likapitirirabe, maiki ina. Mukatero mupeza wolakwa m'mphindi ziwiri. Ngati kuthetheka kukubwera mukagwedeza chingwe pafupi ndi pulagi, waya waduka pamenepo, chifukwa ndi pomwe chimapindika. Dulani masentimita 10 ndi kuwotcherera mwatsopano ndi mtovu, kapena pitani nacho kwa amisiri okonza mawailesi pa boma kapena pa Lizulu. Ndi mita yoyezera magetsi, pini 1 iyenera kulumikizana ndi pini 1 ya mbali inayo, 2 ndi 2, 3 ndi 3, ndipo pasakhale ziwiri zogundana. Pa maiki ya dynamic, pakati pa pini 2 ndi pini 3 payenera kuwerengeka kanthu. Mita ikaonetsa kuti njira ndi yoduka, kawaya kathothoka mkati, ndipo nthawi zambiri kamathothokera pa tsinde pomwe n'posavuta kuwotcherera. Pogula chingwe funsani cha kopa weniweni. Zotchipa zina ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, zimathyoka msanga ndipo zimavuta kuwotcherera. Musachikulunge pa chigongono, mawaya amapotana mkati.

Kung'ung'udza kosalekeza kwa mmmm ndi kwa magetsi, omwe kuno ndi 230 V pa 50 Hz. Tsitsani maiki. Kukapitirira, maiki ilibe mlandu. Zulani chaja ya laputopu: phokoso likatha, ikani DI box kapena ground loop isolator, timabokosi todula kung'ung'udza kotere, pakati pa laputopu ndi mikisa. Zida zonse zoimbira zitenge magetsi pa soketi imodzi, mafiriji, maketulo ndi magetsi okongoletsa atenge kwina. Chingwe cha maiki chisagone limodzi ndi cha magetsi, ndipo zikakumana zidutsane mopingasa. Foni isakhale pa mikisa. Batani la 48V, lomwe limatumiza magetsi ku maiki ya condenser, likhale lozimitsa ngati palibe condenser, chifukwa maiki kapena chingwe cholumikizidwa molakwika chikhoza kuonongeka nalo. Pa jenereta, ilizeni kaye ikhazikike, kenaka yatsani mikisa, ampu pomaliza. Pozimitsa yambani ndi ampu.

Chimodzi chokha musachitengere chibwana. Woimba akanena kuti maiki ikumugwira magetsi pamilomo, imitsani zonse nthawi yomweyo. Zikutanthauza kuti chida china chikutaya magetsi ndipo waya wa earth palibe, mwina chifukwa cha ekisitenshoni ya mawaya awiri, pulagi yothyoledwa pini yaikulu ya pamwamba, kapena mawaya ongosomekedwa mu soketi ndi timitengo ta machesi. Kuveka siponji pa maiki kumangobisa ngoziyo. Pa udzu wa mame kapena pansi ponyowa munthu akhoza kufa. Itanani wodziwa zamagetsi, ndipo musachotse pini ya earth pofuna kuthetsa kung'ung'udza.

Zopanda chingwe

MC aliyense amafuna yopanda chingwe, ndipo pa perekaniperekani imathandizadi. Koma pa ndalama zofanana, ya chingwe imamveka bwino kuposa yopanda chingwe, choncho yambani ndi ya chingwe. Yopanda chingwe ikamadukaduka, yambani ndi mabatire. Otchipa aja a mu tochi ndi wailesi mphamvu yawo imagwa msanga, mawu amayamba kusweka ndipo mtunda umafupika. Gwiritsani ntchito a alkaline atsopano pa mwambo uliwonse, kapena otchaja a NiMH ngati maiki yanu imawalola. Mukamaliza achotseni, akatsalira mkati amatuluka madzi odya zitsulo.

Matupi a anthu amatchinga mafunde a wailesi omwe maikiyi imatumiza. N'chifukwa chake maiki imagwira bwino poyesa m'mawa holo ili yopanda anthu, n'kumaduka pamene khamu lazungulira MC ndi lichero la ndalama. Risiva, kabokosi kolandira mafundewo, ikhale pamwamba, kupitirira mitu ya anthu, poonana ndi wolankhula, kutali ndi laputopu ndi zitsulo, tinyanga take titatambasuka ngati chilembo V. Pa mamaiki ambiri a m'manja eriyo ili kumunsi, choncho dzanja lisafumbate tsinde.

Zotchipa zambiri zili ndi frequency, njira ya mafunde, imodzi yosasinthika. Mpingo wapafupi kapena DJ wina akakhala ndi yofanana, zimalowerana. Zimitsani maiki muone risiva: kagetsi ka RF, koonetsa kuti ikulandira mafunde, kakayakabe, wina ali pa njira yanu. Gulani ya UHF yosintha matchanelo, ndipo muone kuti manambala a frequency alembedwa pa chidacho, popeza kagwiritsidwe ntchito ka mafunde m'dziko muno kamayang'aniridwa ndi MACRA. Za 2.4 GHz zimagawana njira ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, ndiye pamalo pa mafoni ambiri zimatha kuvutika. Voliyumu ya pa risiva musaifikitse kumapeto ngati mwalowetsa pa bowo la maiki, imaswa mawu. Nthawi zonse maiki ya chingwe ikhale yolumikizidwa kale pa tchanelo china, gain yotchera, kuti inayo ikafa pakati pa malonje mungokweza fader.

Panja ndi kasungidwe

Pabwalo palibe makoma obweza mawu, choncho kulira kumachepa, koma mphepo ya miyezi yozizira m'mapiri a Tsangano ndi Dedza imawomba mu maiki ngati bingu. Vekani siponji ya kunja ndi kudina low cut. Siponjiyo ndi yotchipa, khalani nazo zingapo, muzisintha ndi kuzichapa poti pakamwa pambiri pamadutsapo.

Mwambo ukatha usiku maiki imakhala yonyowa ndi mpweya wa mkamwa ndi mame. Mukaitsekera m'bokosi choncho, mutu umachita dzimbiri ndipo siponji imanunkha. Isiyeni poyera usiku wonse, tsekerani m'mawa, ndipo m'bokosimo ikanimo timapaketi ta silica gel tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato. Kamodzi pamwezi potokolani mutu, chotsani kasiponji ka mkati, tsukani zonse ndi madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, ndipo ziume tsiku lathunthu musanabwezere. Kachipangizo ka mkati komwe kamamva mawu kasakhudzidwe ndi madzi kapena chala. Poyesa ngati ikugwira, lankhulani kapena ikandeni pang'ono pa mutu ndi chikhadabo. Kuuzira kumalowetsa malovu mkati, ndipo kumenya kumatha kuotcha kasipika ka pamwamba ngati voliyumu ili yokwera.